Njinga ya atate, miyendo ya mwana: mbiri ya saizi ya njinga ku Chipata

Munthu akafuna nsapato amayamba wayesa. Akapeza buluku pa salaula amalizunguliza m'khosi kuti aone ngati lidzamukwana m'chiuno. Koma njinga, imene mtengo wake ungagule nsapato zodzaza thumba, ambiri a ife timaigula poyang'ana penti, kulimba kwa keliyala ndi dzina lolembedwa pa felemu. Funso lakuti kodi njingayo ikukwana thupi la woichova limabwera pambuyo, mawondo atayamba kale kuwawa.

Chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yake. Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo Zambia yense amadziwa zimenezo. M'mawa uliwonse misewu yochokera ku Chadiza, ku Lundazi, ku Mfuwe ndi ku Mwami imadzaza ndi njinga zonyamula makala, tomato, nkhuku, mbuzi ndi ana a sukulu. Koma kwa zaka zambiri njinga zimene zinali kufika kuno zinali za msinkhu umodzi, wa mwamuna wamkulu, ndipo wina aliyense m'banja anayenera kupinda thupi lake kuti ligwirizane ndi chitsulo. Kuti timvetse mmene zinakhalira tero, tiyenera kubwerera kumbuyo kwambiri, tauni yathu isanamangidwe.

Pamene mwendo unali kusankha wilo

M'zaka za m'ma 1870 njinga ya ku England inali ndi wilo lalikulu kwambiri kutsogolo ndi kawilo kakang'ono kumbuyo. Angelezi anaipatsa dzina lakuti penny-farthing, poiyerekeza ndi ndalama zawo ziwiri zachitsulo, ina yaikulu ina yaing'ono. Inalibe cheni. Mapedulo anali omangidwa pakati penipeni pa wilo lakutsogolo, motero phazi likazungulira kamodzi, wilo nalo linali kuzungulira kamodzi. Wofuna liwiro anayenera kukhala ndi wilo lalikulu. Wilo la mainchesi 52 linali kuyenda mamita anayi ndi pang'ono pa kuchova kumodzi, ndipo laling'ono linali kutsalira.

Vuto linali lakuti wokwera anali kukhala pamwamba pa wilolo, ndipo phazi lake linayenera kufika pa pedulo likakhala pansi. Kutalika kwa mwendo ndiko kunali kulamula. Munthu wamfupi anali kugula wilo la mainchesi 48, wamtali la 56 kapena kuposa. Wogulitsa anali kufuna kudziwa muyeso wa mwendo, monga telala, asanapereke njinga. Kubwereka njinga ya mnzako wamtali kunalibe phindu, chifukwa mapazi anali kungolendewera. Inalinso njinga yoopsa. Wilo likagunda mwala, wokwera anali kuponyedwa kutsogolo, mutu pansi, kuchokera pamtunda wa pafupifupi mita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake inali ya anyamata a ndalama ndi olimba mtima chabe.

Mu 1885 John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya mawilo awiri pafupifupi ofanana, ndi cheni yopita ku wilo lakumbuyo. Mu 1887 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya poyesa kukonzera mwana wake kanjinga ka mawilo atatu. Zinthu ziwirizi zitakumana, panabadwa njinga imene tikuidziwa lero.

Cheni ndiyo inasintha nkhani ya saizi. Tiyerekeze njinga yakuda ya kwathu kuno, ya wilo la mainchesi 28, giya yakutsogolo ya mano 44 ndi yakumbuyo ya mano 18. Mukachova kamodzi, wilo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka. Zili ngati mwakwera penny-farthing ya wilo la mainchesi 68, kutalika kwake masentimita oposa 170, imene palibe munthu wa miyendo yoifikira. Liwiro linachoka ku mwendo n'kupita ku magiya, ndipo saizi inachoka ku wilo n'kupita ku felemu.

Phindu limeneli linabwera ndi msampha wake. Njinga yakale ija ikapanda kukukwana, inali kukana kuyenda. Yatsopanoyi imayenda ndithu ngakhale isakukwane, ndipo imene imalipira ndi mawondo, msana ndi khosi, pang'onopang'ono.

Njinga ifika ku Fort Jameson

Njinga ya cheni ndi tauni yathu n'zamsinkhu umodzi. Mu January 1898 asilikali a Angelezi ochokera kutsidya, dziko limene lero ndi Malawi, anagonjetsa Angoni a Mpezeni woyamba. Mwana wawo Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mu 1899 boma la Fort Jameson linakhazikitsidwa, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Chaka chomwecho cha 1899 amishonale a Dutch Reformed Church anayamba nchito ku Magwero. Kuyambira 1905 amalonda ochokera ku Gujarat, ku India, anayamba kufika ndi kutsegula masitolo.

Azungu oyamba anali kuyenda pa machila, atanyamulidwa ndi anthu. Njinga itayamba kupezeka, abwanankubwa a maboma, amishonale ndi ansembe anaona kuti imadutsa m'tinjira ta kumudzi popanda gulu la onyamula. Pambuyo pake amesenjala a boma, aphunzitsi ndi alaliki nawo anayamba kukwera. Kwa munthu wa kumudzi wa nthawi imeneyo, njinga inali kubwera ndi uthenga, wa msonkho kapena wa tchalitchi.

Msonkho womwewo ndiwo unabweretsa njinga m'manja mwa anthu wamba. Ng'ombe zitapita, minda yabwino itapatsidwa kwa azungu olima fodya, ndipo msonkho ukufunika ndi ndalama, amuna a kuno anayamba ulendo wa kum'mwera. Ena anapita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Salisbury, kumene makolo athu anali kuti ku Walale, ena ku Joni, ndipo pambuyo pake ambiri analowera ku migodi ya mkuwa. Wobwerako bwino anali kudziwika ndi katundu wake: sutikesi, jekete, mwina makina osokera, ndi njinga. Mayina a Raleigh, Humber, Phillips ndi Hercules analowa m'kamwa mwa agogo athu mwa njira imeneyi.

Zonsezi zinali za kapangidwe kamodzi kamene Angelezi amati roadster: yakuda, yachitsulo cholemera, ya mawilo a mainchesi 28, mabuleki a timitengo tachitsulo m'malo mwa waya, giya imodzi, ndi mtanda wowongoka kuchokera pansi pa chishalo kufika ku hendulo. Felemu zake kawirikawiri zinali za mainchesi 22 kapena 24, kuyeza kuchokera pakati pa pozungulira mapedulo kufika pamene chitsulo cha chishalo chimalowera. M'masentimita ndi pafupifupi 56 ndi 61. Miyeso imeneyi inapangidwira mwamuna wamkulu wa ku Ulaya wopita ku nchito.

Njingayi inali ndi ubwino wake weniweni, ndipo n'chifukwa chake idakalipo. Wilo lalikulu limadumpha maenje ndi mchenga bwino kuposa laling'ono. Felemu yaitali siigwedezeka msanga ikanyamula thumba la chimanga. Chitsulo chikathyoka amawotcherera, ndipo makanika wa pansi pa mtengo amaimasula yonse ndi zida zochepa. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inali kuitsatsa mu Africa ndi chithunzi cha munthu akuthawa mkango pa njinga, akumwetulira. A Kenneth Kaunda, amene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 anali kuzungulira chigawo cha Kumpoto pa njinga pomema anthu kulowa African National Congress, anasimba m'buku lawo la 1962 lotchedwa Zambia Shall Be Free kuti tsiku lina anakumanadi ndi mkango panjira, ndipo unachoka atanyamula njinga yawo m'mwamba.

Banja limodzi, njinga imodzi

Njinga inali chuma cha banja lonse, koma inali kugulidwa pa msinkhu wa munthu mmodzi. Atate ndiwo anali kupita ku sitolo, ndipo ngati panali kusankha pakati pa 22 ndi 24, yaikulu inali kuoneka yaulemu ndi yamphamvu. Amayi, ana, adzukulu ndi aneba onse anali kugwiritsa nchito yomweyo, kupita ku chigayo, ku chipatala, ku maliro kapena kukaitana azamba usiku.

Apa m'pamene panabadwira luso limene pafupifupi aliyense wokulira Kum'mawa amalidziwa. Mwana amene sangafike pa chishalo amalowetsa mwendo umodzi pansi pa mtanda, njinga n'kuipendeketsa mbali ina, thupi mbali ina, n'kumachova ali chiimire. Akakulako amakwera pamwamba pa mtanda, akugwetsa chiuno uku ndi uku kuti phazi lifike. Ena amakhala pa keliyala n'kutambasula manja mpaka ku hendulo. Makolo ena anali kuchotsa chishalo n'kumanga chiguduli pa felemu, ena kumangirira timatabwa pa mapedulo. Ku India, kumene njinga yomweyi inazika mizu, ana amachova chimodzimodzi, ndipo kachovedwe kolowetsa mwendo pansi pa mtanda amakatcha kainchi, kutanthauza sizasi. Felemu imodzi inabala nzeru imodzi m'maiko awiri otalikirana.

Timaseka tikakumbukira zimenezi, ndipo zipsera za m'mawondo timazionetsa monyadira. Koma taganizirani mwana amene ali pansi pa mtanda, thupi lili kunja kwa njinga, zala zake zosafika bwino pa buleki yopangidwira dzanja la munthu wamkulu. Pa kanjira ka kumunda akagwa amadzuka n'kudzisasa fumbi. Pa Great East Road, pamene malole opita ku Mwami amadutsa mphepo yake ikukankha munthu, kugwa komweko kungakhale komaliza. Misewu inasintha, magalimoto anachuluka, koma kaphunziridwe ka njinga m'mabanja ambiri kadakali ka m'nthawi ya agogo.

Kwa amayi mtanda unali chopinga cha mtundu wina. Njinga zopanda mtanda zinalipo ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1890, zopangidwira ovala madiresi. Kuno zinali zosowa, ndipo amuna ambiri sanali kuzifuna, poti n'zachikazi komanso sizilimba pa katundu. Pa mfundo yachiwiriyi anali ndi zoona pang'ono, pakuti felemu ya makona atatu otsekeka imapirira kulemera kuposa yotseguka. Motero banja logula njinga imodzi linali kugula ya mtanda, ndipo mayi wovala chitenje anayenera kupeza njira yake yokwerera ndi yotsikira, nthawi zina mwana ali kumbuyo. Kuti amayi a Kum'mawa amadziwika ndi kuchova njinga, ndi umboni wa khama lawo, pakuti chitsulocho sichinapangidwe powaganizira.

Zaka za Eagle

Ufulu utabwera mu 1964, ndipo Fort Jameson itakhala Chipata, njira zakale za malonda zinayamba kutsekeka. Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu November 1965, ndipo mu 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. Boma la UNIP, makamaka pambuyo pa mfundo za ku Mulungushi za 1968, linatsata njira yopanga zinthu m'dziko momwemuno kudzera mu INDECO, ndi kumwaza mafakitale m'zigawo. Mansa inalandira fakitale ya mabatire, Kawambwa tiyi, Mwinilunga zinanazi za m'zitini, Kapiri Mposhi magalasi, Livingstone yolumikiza magalimoto. Chipata inalandira njinga: fakitale ya Luangwa Industries, kwawo kwa Eagle.

Kusankha Chipata kunali ndi nzeru. Alimi a nshawa, thonje, fodya ndi chimanga anali kufuna chonyamulira, midzi ndi yoyandikana, ndipo anthu anali ataizolowera kale njinga. Eagle inapatsa anthu a kuno nchito ndi chinthu chonyadira. Mlimi akagulitsa mbewu, Eagle inali pakati pa zinthu zoyamba kuganiziridwa, pamodzi ndi malata ndi wailesi.

Koma pa nkhani ya saizi, Eagle inatsata njira ya makolo ake. Inali roadster, monganso Atlas ndi Hero za ku India, zimene makampani ake anayamba mu 1951 ndi 1956, ndi Flying Pigeon ya ku China ya 1950. Maiko atatu omasuka anatenga chithunzi cha njinga ya Mngelezi n'kuchipanga chawo. Zifukwa zake n'zomveka. Fakitale yopanga mtundu umodzi imatsitsa mtengo, ndipo zitsulo zosinthira zimapezeka paliponse: sipoko, cheni kapena tayala la njinga ina limalowa pa inzake. Kumudzi kumene sitolo ili kutali, kufanana kumeneku n'kofunika kwambiri. Mtengo wake unali wakuti wamfupi, mayi ndi mwana anapitiriza kusinthira thupi ku njinga.

Boma la MMD litalowa mu 1991, malonda anatsegulidwa ndipo makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Luangwa Industries inapita m'manja mwa Tata Zambia m'zaka za m'ma 1990. Njinga zotchipa zochokera kunja zinadzaza msika, ndipo m'kupita kwa nthawi fakitale ya ku Chipata inaleka kupanga. Dzina la Eagle lokha ndilo linakana kufa. M'zaka zomwezo, nchito zitasowa, anyamata ambiri anaika khushoni pa keliyala n'kuyamba kunyamula anthu, malonda amene anzathu a ku Mchinji amati kabaza. Njinga inasanduka ofesi ya munthu, yokhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Masaizi achuluka, chisokonezo nacho

Kutseguka kwa msika kunabweretsa chinthu chimene agogo athu sanachione: kusankha. Njinga ya m'mapiri, imene inayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, inafika ndi mawilo a mainchesi 26, magiya ambiri ndi mtanda wotsetsereka. Njinga zogwiritsidwapo kale nchito zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zinayamba kupezeka, zina zopanda mtanda, zina za ana, zina zothamangira.

Mabungwe nawo anayamba kuganizira za thupi la wokwera. World Bicycle Relief, imene inayamba mu 2005 pambuyo pa tsunami ya ku Asia, inafika ku Zambia ndi njinga 23,000 za anthu odzipereka osamalira odwala AIDS m'midzi. Zimene anaphunzira m'misewu yathu zinabala njinga ya Buffalo, ya keliyala yonyamula makilogalamu 100. Mtanda wake ndi wopindikira pansi chakumbuyo, kuti mwamuna aione ngati njinga ya mtanda koma mtsikana wa sukulu athe kukwera ndi kutsika mosavuta. M'pulogalamu yawo ya masukulu, njinga 70 mwa 100 zilizonse zimapita kwa atsikana. Patapita zaka zoposa 100, wopanga njinga anafunsa kuti kodi adzaikwera ndani kumudzi kuno.

Kuchuluka kwa mitundu kunadza ndi mutu wake, ndipo aliyense amene anagulapo tayala lokana kulowa pa limu amaudziwa. Manambala a mainchesi olembedwa pa tayala ndi otsala a m'nthawi imene dziko lililonse linali kuyeza mwa njira yake. Pali matayala awiri otchedwa 28: la njinga yakuda, 28 x 1½, limene limu yake ndi mamilimita 635, ndi la njinga za ku Ulaya, lotchedwanso 700C, la mamilimita 622. Salowana. La 27 x 1¼ ndi la mamilimita 630, kutanthauza kuti 27 ameneyu ndi wamkulu kuposa 28 wachiwiri uja. Pa 26 palinso mitundu ingapo: la njinga ya m'mapiri ndi 559, pamene 26 x 1⅜ ya njinga zambiri za m'tauni ndi 590. Ndipo limene masiku ano amalitcha 29 limakhala pa limu ya 622 yomwe ija, kungoti ndi lonenepa.

Njira yotulukira ilipo. Pa matayala ambiri pamalembedwanso nambala ina ya zigawo ziwiri, monga 40-635 kapena 47-559. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Yachiwiriyo ikafanana ndi ya tayala lanu lakale, lidzalowa. Ijambuleni pa foni musananyamuke kupita ku Down Shops kapena ku Kapata. Ndipo pogula njinga ya salaula, yambani mwafunsa ngati tayala lake limapezeka m'tauni muno, pakuti njinga yokongola yosowa tayala imathera pa khonde. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kuyeza thupi, kuyeza njinga

Zimene telala wa penny-farthing anali kuchita, aliyense angazichite kunyumba. Vulani nsapato, imani motsamira khoma, ikani buku pakati pa miyendo n'kulikweza mpaka ligunde, ndipo mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Muyeso umenewu ndi wofunika kuposa kutalika kwa thupi lonse, chifukwa anthu awiri ofanana msinkhu angasiyane miyendo.

Choyamba ndi mtanda. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Payenera kutsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa inu ndi chitsulo, ndipo pa njinga ya m'mapiri mpata wokulirapo. Ngati mukuimira zala za kumapazi, felemuyo yakula. Tsiku limene mudzaime mwadzidzidzi muli ndi katundu kumbuyo, mtandawo udzakupwetekani pamalo osasimbika, kapena njinga idzakugwetsani.

Chachiwiri ndi chishalo. Khalani, ikani chidendene pa pedulo lili pansi penipeni, ndipo mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Mukabweza phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake, bondo lidzakhala lopinda pang'ono, ndipo ndi pamenepo. Okonda masamu angatsate njira imene inatchuka ndi Greg LeMond, amene anapambana Tour de France katatu: muyeso wa mwendo kuchulukitsa ndi 0.883. Wa mwendo wa masentimita 80 amapeza pafupifupi 70.6, kuyeza kuchokera pakati pa pozungulira mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Ndi poyambira chabe, thupi ndilo limamaliza kuweruza. Kuwawa kutsogolo kwa bondo kawirikawiri kumasonyeza chishalo chotsika, kuwawa kuseri kwake ndi chiuno chovina uku ndi uku kumasonyeza chokwera kwambiri. Pa chitsulo cha chishalo pamakhala mzere wosonyeza malire ochikwezera. Mzerewo ukaonekera kunja, chitsulo kapena felemu ingathyoke, ndipo tanthauzo lake n'lakuti njingayo yakucheperani.

Amene amakhalira njinga aganizirepo kawiri. Pa giya ija ya mano 44 ndi 18, kuchova kumodzi kumayenda mamita pafupifupi asanu ndi theka. Wonyamula anthu amene amayenda makilomita 40 pa tsiku amapinda ndi kuwongola bondo lililonse nthawi zoposa 7,000. Tingachotsepo potsetsereka, zimatsalabe zikwi zingapo, tsiku ndi tsiku, ali ndi munthu kumbuyo. Ambiri amatsitsa chishalo dala kuti phazi lizifika pansi poima, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Koma ngati mufunika kutsitsa chishalo mpaka pa felemu kuti mukhazikike, yankho ndi felemu yocheperapo. Giya nayo ili ndi saizi yake. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo kusintha giya yakumbuyo kuchoka pa mano 18 kupita pa 20 kapena 22 kumatsitsa wilo lija la mainchesi 68 kufika pa 62 kapena 56. Liwiro la pamalo osalala limachepa pang'ono, koma zitunda zimapepuka ndipo mawondo amapuma.

Chachitatu ndi mtunda wa pakati pa chishalo ndi hendulo. Mukagwira hendulo, zigongono zikhale zopinda pang'ono ndipo mapewa asakwere kufika m'makutu. Zala zifike pa mabuleki popanda kusuntha dzanja. Mfundo imeneyi ndiyo imaiwalika kwambiri, pakuti chishalo chimatsika koma felemu yaitali siifupika.

Za ana n'zosiyana pang'ono, chifukwa njinga zawo zimayezedwa ndi wilo, monga zinalili kalekale: mainchesi 12, 16, 20 ndi 24. Zaka za mwana zisakunyengeni, yang'anani miyendo. Wophunzira kumene ayenera kufika pansi ndi mapazi onse awiri atakhala pa chishalo. Tonse tinakulira m'mawu akuti adzakuliramo, ndipo pa yunifolomu amagwira nchito, chifukwa malaya amapindidwa ndipo nsapato amaikamo pepala. Njinga yaikulu ilibe popinda. Ngati ndalama sizilola kugula yatsopano mwana akamakula, yogwiritsidwapo kale nchito yomukwana imaposa yatsopano yomukulira, ndipo ikamuchepera ipita kwa mng'ono wake kapena kugulitsidwa.

Masiku ano njinga zamoto zalanda mbali yaikulu ya malonda onyamula anthu, ndipo achinyamata ena a m'tauni amaona njinga yochova ngati chinthu cha kumudzi. Komabe mtengo wa mafuta ukakwera, amene amachova sadandaula nawo, ndipo ana a sukulu, ogulitsa ndiwo ndi onyamula makala adzapitiriza kudzaza misewu ya Chipata m'mawa. Agogo athu analibe chosankha, anakwera chimene sitolo inali nacho ndipo anamanga nacho mabanja. Ife tili ndi mafelemu a misinkhu yosiyanasiyana, amakanika pa msika uliwonse ndi tepi ya telala m'nyumba zambiri. Amene ali kale ndi njinga angayambe ndi sipanala ndi mphindi zisanu pa chishalo. Amene akupita kukagula, apite ndi munthu amene adzaikwera, aime nayo pakati pa miyendo, aichove pang'ono, kenako m'pamene ayambe kukambirana mtengo.